MALAMULO A SUKULU ASINTHA: ZIMENE ZAFIKA PAKHOMO PA MLIMI KWA MWASE

Kwa zaka zambiri Januwale unali mwezi wa nkhawa m'midzi ya kwa Mwase Lundazi. Ndiyo nyengo imene nkhokwe iri pafupi kutha, cimanga ca m'munda cikufuna fetereza waciwiri, ndipo ndalama za nshawa ndi soya zinatha kalekale. Nthawi yomweyo sukulu inali kutsegula, nayonso nifuna zace. Bambo wa ana anai kapena asanu anali kukhala pansi ndi mkazi wace, mwinanso ndi malume wa anawo, nayamba kusankha: uyu apite, uyu ayambe wadikira caka camawa, uyu akawete ng'ombe, ndipo wamkaziyu, popeza watha msinkhu, akwatiwe. Wa boma wofunsa panalibe. Zinali nkhani za pabanja, ndipo zinali kuthera pabanja pomwepo.

Kuyambira caka ca 2022 boma lasintha malamulo a masukulu motsatizana, ena kudzera m'Nyumba ya Malamulo, ena mwa cilengezo ca unduna. Anthu ambiri anamvako mbali imodzi yokha, yakuti sukulu tsopano ndi yaulere. Mbali inayo sinamveke bwino. Malamulo omwewo acotsa m'manja mwa makolo zinthu zina zimene kale anali kudzigamulira okha, ndipo awasenzetsa udindo umene kale analibe.

ZA MALIPIRO

Maphunziro aulere sanayambe ndi boma la a Hakainde Hichilema. Mu 2002, pa nthawi ya a Levy Mwanawasa, boma linacotsa malipiro kuyambira Giredi 1 kufikira Giredi 7, ndipo linanenanso kuti mwana asapitikitsidwe cifukwa cosowa yunifomu. Koma pa khomo la sekondale malipiro anatsala. Mu 2019 unduna unawatsitsa: K150 pa temu m'masukulu oyendera a kumidzi yakutali, K200 m'masukulu ena oyendera, ndi K1,000 m'masukulu ogonera komweko. Kwa munthu wolandira malipiro pa mwezi K150 siinali kanthu. Kwa mlimi amene amaona ndalama kamodzi pa caka, ndipo ali ndi ana awiri kapena atatu a msinkhu wa sekondale, inali yokwanira kumgwetsa mphwayi.

Pa 29 Okutobala 2021, powerenga ndondomeko ya cuma ca boma ya caka cotsatira, Nduna ya Zacuma a Situmbeko Musokotwane analengeza kuti malipiro a sukulu, ndalama za PTA ndi ndalama za mayeso zacotsedwa m'masukulu a boma, kuyambira sukulu ya mkaka kufikira Giredi 12. Zinayamba kugwira nchito pamene masukulu anatsegula mu Januwale 2022. M'malo mwa ndalama zimene makolo anali kupereka, boma limatumiza thandizo la ndalama ku sukulu iriyonse kuti igulire coko, mapepala ndi zina zofunika.

Pali zimene sizinacotsedwe, ndipo ndi pamenepa pamabuka mikangano pakati pa makolo ndi aphunzitsi. Ndalama za kugona ndi cakudya m'masukulu ogonera komweko zinatsala, ndipo mu 2022 zinali K1,000 pa temu. Wolemba mayeso payekha, amene sali m'kaundula wa sukulu, amalipira. Makope, zolembera, nsapato, sopo ndi yunifomu ziri pa kholo monga kale. Koma mwana wa pa sukulu ya boma yoyendera sayenera kubwezedwa kunyumba cifukwa ca ndalama iriyonse, ingakhale yochedwa ya citukuko. Makolo akapangana okha pa msonkhano kuumba njerwa kapena kututa mcenga womangira nyumba ya mphunzitsi, ndi cinthu cabwino ndithu, ndipo masukulu ambiri a m'boma la Lundazi anamangidwa mwa njira yomweyo. Coletsedwa ndi kulanga mwana cifukwa kholo lace silinasonkhe.

Zotsatira zace zinaoneka msanga. Boma lakhala likunena kuti ana oposa 2 miliyoni analowa kapena kubwerera m'sukulu m'dziko lonse. Anabwerera ndi anyamata a ndevu kale, ndi atsikana amene anasiya zaka ziwiri kapena zitatu m'mbuyomo. Zipinda zophunziriramo sizinaculuke pa liwiro lomwelo. Mu 2022 boma linalemba nchito aphunzitsi 30,496 nthawi imodzi, ciwerengero cimene cinali cisanaonekepo m'dziko muno, ndipo ena analembedwanso m'zaka zotsatira. Komabe kulemba mphunzitsi ku Lusaka ndi nkhani ina, kumsunga pa sukulu yopanda nyumba, yopanda magetsi, yotalikira ndi mseu, ndi nkhani inanso. Amene amakhala ca kumalire ndi dziko la Malawi akuidziwa bwino nkhani imeneyi.

KOPITA NDI DANDAULO

Kholo limene liri ndi dandaulo liyamba ndi mphunzitsi wamkulu ndi komiti ya makolo ya pa sukulupo. Zikakanika, nkhani imapita ku ofesi ya maphunziro ya boma, kwa mkulu amene anthu amamdziwa ndi dzina lakuti DEBS. Kale ofesi imodzi ya ku Lundazi inali kuyang'anira dera lalikulu kwambiri, locokera kumalire ndi Malawi kufikira kucigwa ca Luangwa, la anthu oposa 300,000 pa kalembera wa 2010. Mu 2018, pa nthawi ya a Edgar Lungu, deralo linagawidwa patatu, ndipo Lumezi ndi Chasefu anakhala maboma paokha. Kwa Mwase, kwa Mphamba ndi kwa Kapichila kunatsalira ku Lundazi. Cotero ofesi ya ku Lundazi inapepukidwa katundu, ndipo oyendera masukulu ali ndi mtunda wocepa kuposa kale.

Njira ina ndi ya thumba la citukuko la CDF. Kufikira 2021 thumbali linali K1.6 miliyoni pa dera la phungu mmodzi. Mu 2022 linakwezedwa kufika K25.7 miliyoni, ndipo lakhala likukwera caka ndi caka. Gawo lalikulu ndi la zomangamanga, monga zipinda za sukulu, nyumba za aphunzitsi, zimbudzi, mijigo ndi madesiki. Gawo lina ndi lolipirira ana osauka m'masukulu a sekondale ogonera komweko ndi m'masukulu a luso la manja. Ndalamazi sizibwera zokha. Pempho limayambira ku komiti ya citukuko ya m'wadi, ndipo kholo la mwana amene wasankhidwa kupita ku sukulu yogonera liyenera kufunsa khansala kapena a komitiyo za mafomu zotsatira za mayeso zikangotuluka. Wodikira kuti sukulu itsegule amapeza maina atatumizidwa kale.

MAKWERERO ATSOPANO

Agogo amene anaphunzira pa nthawi ya atsamunda amakumbukira Sabu A, Sabu B ndi masitandadi. Ana ao anaphunzira magiredi ku pulayimale ndi mafomu ku sekondale, kufikira kuciyambi kwa zaka za m'ma 1980 pamene mafomu anasanduka Giredi 8 mpaka Giredi 12. Tsopano mafomu abweranso, koma makwerero ace ndi ena.

Ndondomeko ya maphunziro ya 2023, imene inayamba kugwira nchito kuciyambi kwa 2025, yakonza zinthu motere. Mwana ayamba sukulu ya mkaka ali ndi zaka 3. Giredi 1 alowa ali ndi zaka 6, osati 7 monga kale. Pulayimale idzithera pa Giredi 6, ndipo mayeso adzilembedwa pamenepo. Sekondale ndi Fomu 1 mpaka Fomu 4, kopanda mayeso a boma pakati monga anali a Giredi 9. Wokhoza bwino pa Fomu 4 angathe kupitiriza Fomu 5 ndi Fomu 6. Kusinthaku sikunacitike m'makalasi onse nthawi imodzi. Mu 2025 kunayambira ku sukulu ya mkaka, Giredi 1 ndi Fomu 1, ndipo kukukwera pang'onopang'ono pamodzi ndi anawo. N'cifukwa cace pa sukulu imodzi pangapezeke ana a mafomu ndi ana a magiredi a kumtunda akuphunzira m'zipinda zoyandikana.

Powerengera zaka pakutuluka cinthu codabwitsa. Mwana amene anali mu Giredi 9 mu 2025 adzafika Giredi 12 mu 2028. Mng'ono wace amene analowa Fomu 1 mu 2025 adzafika Fomu 4 mu 2028 momwemo. Pakhomo pamene pali ana awiri otere, mkulu ndi mng'ono adzalemba mayeso otsiriza caka cimodzi, ndipo makolo acita bwino kuyamba kuganiziratu za kumene awiriwo adzalowera.

Ku sekondale ndondomekoyi yaika njira 8 zimene mwana angatsate monga mwa mphatso yace, ndipo ina mwa izo ndi ya zaulimi. Kwa dera limene moyo wace wonse uli pa cimanga, nshawa, soya, mpendadzuwa ndi fodya, imeneyi ndi nkhani yokondweretsa. Kunena zoona, sukulu yoyendera ya kumudzi siingakhale ndi njira zonse 8, pakuti iriyonse ifuna aphunzitsi ace ndi zipangizo zace. Mwana wa kwa Mwase adzasankha pa zimene sukulu yapafupi iri nazo, pamene mnzace wa ku Chipata kapena ku Lusaka adzasankha pa zambiri. Ici ndi cinthu cimene makomiti a makolo ayenera kucifunsa poyera pa misonkhano.

Cina cimene makolo ambiri anadzidzimuka naco cinacitika ndondomekoyi isanayambe n'komwe. Kwa zaka zingapo pafupifupi mwana aliyense wolemba mayeso a Giredi 7 anali kupitirira ku Giredi 8, ngakhale wosadziwa kuwerenga dzina lace. Mu 2023 Nduna ya Zamaphunziro a Douglas Syakalima anathetsa mcitidwewo. Pa mayeso a caka cimeneco, ana pafupifupi 70 mwa 100 alionse ndiwo anapitirira, otsalawo anafunika kubwereza. Tanthauzo lace pakhomo ndi loonekeratu. Mwana amene amajomba pa nyengo yobzala, yopalira ndi yokolola, kapena amene amapita ku ganyu wa fodya masabata athunthu, kale anali kupitirira ndi anzace. Tsopano atsalira, ndipo mwana wotsalira kawiri kawirikawiri amangoisiya sukuluyo.

CILANKHULO CA M'KALASI

Nkhani ya cilankhulo iri ndi mbiri yaitali, ndipo ku Lundazi imapweteka mwa njira yaceyace. Ufumu wa Mwase ndi wa Acewa, abale a Mwase wa ku Kasungu, ndipo uli pansi pa Kalonga Gawa Undi. Koma m'midzi yambiri ya boma la Lundazi cilankhulo ca pakhomo, ca kudimba ndi ca kumsika ndi Citumbuka. Amishoni a ku Livingstonia, amene anatsegula masukulu m'dera lino ndi kumanga mishoni ya Chasefu, anali kuphunzitsa m'Citumbuka. Dziko litalandira ufulu, lamulo la maphunziro la 1966 linaika Cingerezi kukhala cilankhulo cophunzitsira kuyambira Giredi 1, ndipo zilankhulo 7 zokha ndizo zinalandira malo m'sukulu: Cibemba, Cinyanja, Citonga, Cilozi, Cikaonde, Cilunda ndi Ciluvale. Cigawo ca Kum'mawa cinapatsidwa Cinyanja.

Patapita zaka zambiri zinadziwika kuti ana oculuka akutsiriza pulayimale osadziwa kuwerenga bwino, m'Cingerezi ngakhale m'cilankhulo cao. Ndondomeko ya 1996 inalola kuti mwana ayambe kuphunzira kuwerenga m'cilankhulo ca kwao, ndipo kuyambira 2014 maphunziro onse a Giredi 1 mpaka Giredi 4 anali kucitika m'zilankhulo za m'dziko muno. Kwa mwana wa ku Katete kapena ku Chadiza imeneyi inali mphatso, pakuti za m'buku zinali kufanana ndi zimene amai ace amalankhula. Kwa mwana woleredwa m'Citumbuka sizinali conco kwenikweni. Cinyanja ndi Citumbuka ndi zapacibale, ndipo wamkulu amamva zonse ziwiri mosabvuta, koma kamwana kongoyamba sukulu, kamene sikanapiteko ngakhale ku boma, kanali kukumana ndi mau acilendo tsiku loyamba, kenaka Cingerezi pa Giredi 5. Kanali kuoloka mitsinje iwiri pamene anzace anali kuoloka umodzi.

Ndondomeko ya 2023 yabwezera Cingerezi pa malo ace a 1966, kukhala cilankhulo cophunzitsira kuyambira pansi. Mphunzitsi aloledwa kumasulira m'cilankhulo ca anawo pamene sakumva, ndipo Cinyanja cikhalabe phunziro. Ocirikiza kusinthaku amati mayeso onse a kutsogolo ali m'Cingerezi, ndipo ana a anthu olemera m'masukulu olipira amayamba naco kucokera ku mkaka, tsono mwana wa mlimi acedwerenji. Otsutsa amakumbutsa kuti njira imeneyi inayesedwa kale kwa zaka 30, ndipo zipatso zace ndizo zinacititsa kuti isinthidwe. Mbali zonse ziwiri ziri ndi mfundo. Cimene sicikanika n'cakuti mwana wa kumudzi samva Cingerezi kwina kulikonse koma m'kalasi, ndipo m'kalasi ya ana osefukira mphunzitsi sangamve mwana aliyense akuwerenga. Cotero phindu la lamuloli lidalira mabuku, kucepa kwa ana pa mphunzitsi mmodzi, ndi luso la mphunzitsiyo posakaniza zilankhulo. Makolo nawonso asaganize kuti kulankhula Cicewa kapena Citumbuka pakhomo kubweza mwana m'mbuyo. Mwana wodziwa kufotokoza nkhani momveka m'cilankhulo ca amai ace sabvutika kuphunzira cina.

MWANA WA SUKULU SAKWATIWA

Pa malamulo onse atsopano, lolowa m'kati kwambiri mwa nyumba ndi la ukwati. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa 2018 anapeza kuti mwa akazi 100 alionse a zaka 20 mpaka 24, akazi 29 anakwatiwa asanakwanitse zaka 18. Cigawo ca Kum'mawa ciri m'gulu la zigawo zimene atsikana ambiri amatenga pathupi akali ang'ono.

Lamulo loletsa linalipo kale, ngakhale ambiri sanali kulidziwa. Lamulo la Maphunziro la 2011 limati munthu wokwatira kapena wokwatitsa mwana wa sukulu, kapena womletsa sukulu kuti akakwatiwe, akapezeka wolakwa alandire cilango ca ndende zaka zosacepera 15. Cilango cimeneci sicisankha. Cigwera mwamuna wokwatirayo, ndipo cingagwerenso bambo, mai kapena malume amene anapereka mwanayo. Koma panali mpata umene anthu anali kuzembera. Lamulo lakale la ukwati linali kukhudza maukwati a ku boma ndi a ku chalichi okha, osati a mwambo. Pa mwambo mtsikana akangotha msinkhu ndi kulangizidwa, anali kuyesedwa wamkulu. Tsono kholo linali kuyamba lamsiyitsa mwana sukulu mwakacetecete, papite miyezi, kenaka ankhoswe akumane, malowolo aperekedwe, ndipo pofunsidwa yankho linali lakuti mwanayo sanali wa sukulu.

Mpata umenewu unatsekedwa kawiri. Mu 2022 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo lalikulu la ana, limene linasonkhanitsa pamodzi malamulo onse oteteza mwana ndi kuletsa kukwatitsa ana. Kenaka mu Disembala 2023 lamulo la ukwati linakonzedwa, ndipo tsopano limanena kuti ukwati umene mmodzi mwa awiriwo ndi mwana sukhala ukwati konse, kaya unamangidwa ku boma, ku chalichi kapena pa mwambo. Ankhoswe angakhale anakumana, ng'ombe zingakhale zinalowa m'khola, phwando lingakhale linadyedwa, pamaso pa lamulo palibe cimene cinacitika. Nyakwawa amene abvomereza ukwati wotere m'mudzi mwace sangabisale kumbuyo kwa mwambo, makamaka popeza Kalonga Gawa Undi mwini wace, amene mafumu a Acewa a m'Zambia, Malawi ndi Mozambique amakamlambira ku Mkaika caka ndi caka, wakhala akudzudzula maukwati a ana kwa nthawi yaitali.

Kwa Mwase malire ali pafupi, ndipo mabanja ambiri ali ndi abale mbali zonse ziwiri. Ena angaganize zoolotsa mwana kuti ukwati ukacitikire kutsidya. Kumenekonso njira inatsekedwa. Dziko la Malawi linaika zaka 18 m'lamulo lace la ukwati mu 2015, ndipo mu 2017 linakonza malamulo ace aakulu kuti ngakhale cilolezo ca makolo cisatsitse msinkhuwo.

Lamulo lokha silicotsa zifukwa zimene zimakankhira makolo ku ukwati wotere. Cacikulu ndi umphawi, ndipo caka ca cilala ca 2024, pamene boma linalengeza kuti dziko lagwa m'tsoka, cinaonetsa m'mene njala imafulumizitsira zinthu zotere. Cina ndi mtunda. Sukulu za sekondale ndi zocepa kuposa za pulayimale, tsono atsikana ambiri amacita lendi tinyumba pafupi ndi sukulu, namadziphikira okha kuyambira Lolemba mpaka Lacisanu, popanda wamkulu wowayang'anira. Ufa ukatha pakati pa sabata, amene amabwera ndi thandizo si nthawi zonse amabwera ndi mtima wabwino. Kumanga nyumba yogona atsikana, yokhala ndi mai woyang'anira, ndi imodzi mwa nchito zimene komiti ya m'wadi ingapemphe ku thumba la CDF, ndipo pa nkhani ya mimba za ana a sukulu nyumba yotere ingathandize koposa misonkhano khumi.

Nanga pathupi pakacitika? Apa ndi pamene makolo ambiri amalakwa poganiza kuti ukwati ndiwo ucotse manyazi. Kuyambira 1997 boma limalola mtsikana wotenga pathupi kupuma, kukabereka, ndi kubwerera ku sukulu. Ngati acita manyazi pa sukulu yace yakale, angapemphe kusamutsidwira ku ina. Ziwerengero za unduna zakhala zikusonyeza kuti ambiri sabwerera, makamaka a ku pulayimale, ndipo cifukwa cace nthawi zambiri ndi cosowa wolera khanda. Lamulo latsegula citseko, koma amene angamlowetsenso mtsikanayo ndi amai ace kapena agogo ace pobvomera kutsala ndi mdzukulu m'mawa. Wopereka pathupiyo ali ndi udindo wosamala mwanayo ngakhale popanda ukwati, ndipo ngati mtsikanayo sanakwanitse zaka 16, nkhaniyo ndi mlandu waukulu wa kupolisi umene mabanja saloledwa kuuthetsa ndi mbuzi kapena ng'ombe.

Anyamata nawonso lamulo silinawaiwale. Lamulo la 2011 limakakamiza kholo kulembetsa mwana aliyense wofika msinkhu wa sukulu ndi kuona kuti akupitadi. Mcitidwe wopereka kamnyamata kukaweta ng'ombe za munthu wina kwa zaka zingapo kuti pomaliza alandire kamwana ka ng'ombe ngwodziwika m'Cigawo ca Kum'mawa. Kale kholo linali kuyankha kuti liribe ndalama za sukulu. Yankho limenelo linatha mu 2022.

Za mkwapulo n'zacidule. Unaletsedwa m'masukulu mu 2003, lamulo la 2011 linaika cilango kwa mphunzitsi womenya mwana, ndipo lamulo la ana la 2022 linafutukula ciletsoco kuti cisakhale ca aphunzitsi okha. Akuluakulu ena amang'ung'udza kuti ana alowerera. Aphunzitsi aluso akhala akusunga mwambo m'kalasi popanda ndodo kwa zaka zoposa 20 tsopano.

ZAKA ZA MWANA

Malamulo onsewa atsamira pa cinthu cimodzi cimene m'midzi sicisamalidwa kwenikweni, ndico zaka zakubadwa. Giredi 1 ifuna zaka 6. Mlandu wogona ndi mwana uyang'ana zaka 16. Ukwati uyang'ana zaka 18. Kale mphunzitsi anali kuuza mwana kuti adutsitse dzanja pamwamba pa mutu ndi kugwira khutu la mbali ina, ndipo wolephera anali kubwezedwa kuti akakule. Bwalo la milandu silingagamule ndi njira imeneyo. Pamene mtsikana wakwatitsidwa ndipo abale onse agwirizana kunena kuti ali ndi zaka 19, cimene cingampulumutse ndi pepala.

Kulembetsa kubadwa kwa mwana ndi lamulo m'Zambia kuyambira 1973, koma kafukufuku yemwe uja wa 2018 anapeza kuti mwa ana 100 osakwana zaka 5, ana 14 okha ndiwo anali olembetsedwa. Mabanja ambiri ali ndi khadi la kusikelo lokha, ndipo nalonso limadyedwa ndi ciswe kapena kupsa ndi nyumba. Khadilo liyenera kusungidwa m'pepala la pulasitiki pamodzi ndi ziphaso za makolo, ngakhale mwana ataleka kupita kusikelo, pakuti ndilo umboni woyamba wofunidwa polembetsa Giredi 1 ndi potenga cikalata ca kubadwa. Amene khadi linatayika afunse ku cipatala kumene mwanayo anabadwira, kapena ku ofesi yolembetsa anthu ku boma la Lundazi, kumene amatengera ziphaso za NRC. Popita kumeneko kholo linyamule ciphaso cace, ndipo ngati mwana anabadwira pakhomo, liyambe lapita kwa nyakwawa kukatenga kalata ya umboni.